Woyimbira Wopanda Mbumba

Miyezi imene kwathu kwa Mphuka ku Thyolo mvula imakhala itakhazikika, tiyi ataphukira mpaka otchola kusowa mpata wopuma, kuno ku Indiana kumakhala kutauma gwa ndi chisanu. Kuyambira Novembala mpaka Malichi dzuwa limalowa anthu akungoweruka kumene, mitengo imakhala itayoyola masamba onse, ndipo mphepo yochokera ku nyanja ya Michigan imatikhuthulira chipale chofewa mpaka galimoto kukwiririka. Nyengo yotereyi munthu sungacheze pabwalo. Tsono eni dziko anapeza kothawira: amakadzazana m'maholo a sukulu za sekondale kukaonera ana awo akusewera basiketibolo.

Mmalawi wofika kumene zimamudabwitsa. Kwathu masewero a ana asukulu ndi a ana asukulu basi. Makolo amakhala ali kumunda kapena kumsika, ndipo zotsatira amadzazimva madzulo pa nsima ngati mwanayo wafuna kunena. Kuno Lachisanu likakwana, agogo oyendera ndodo, abusa, apolisi ndi eni magolosale onse amakhala pamzere wogula matikiti. Anthu amakambabe za 1954, pamene kasukulu ka ku Milan, ka ophunzira 161 okha, kanagonjetsa sukulu yaikulu ya Muncie Central 32 kwa 30 n'kutenga chikho cha Indiana yense. Amakambanso za 1955, pamene Crispus Attucks, sukulu ya ana akuda okhaokha ya ku Indianapolis, inatenga chikhocho motsogozedwa ndi Oscar Robertson, m'masiku amene tsankho linkachitika poyera. Mu 1990 anthu oposa 41,000 anakaonera ndime yomaliza ya mpikisano wa ana asukulu. Mzinda uno wa South Bend nawo uli ndi ake owanyadira: John Wooden anaphunzitsa pa sukulu ya Central asanatchuke, ndipo Skylar Diggins anasulidwa pa Washington High.

Amalawi tilipo ambiri ndithu muno mu South Bend ndi m'matauni oyandikana nawo monga Mishawaka ndi Elkhart. Ambiri timagwira ntchito m'nyumba zosamalira okalamba, m'zipatala ndi m'mafakitale. Pa maliro ndi pa ukwati timasonkhana, nsima n'kuphikidwa, Chichewa n'kumveka mpaka pakati pa usiku. Koma sabata yonse munthu umangozungulira pakati pa ntchito ndi tulo. Ine ndinkafuna chonditulutsa m'nyumba m'miyezi ya mdima, komanso kangachepe kapadera kotumiza kumudzi. Mnzanga wina wa kuntchito, amene wayimbira zaka zambiri, ndiye anandiuza kuti oyimbira akusowa. Sankanama. Mu 2022 bungwe la NFHS, limene limalemba malamulo a masewero a m'sukulu za sekondale za ku America, linalengeza kuti oyimbira pafupifupi 50,000 anali atasiya ntchitoyi kuyambira nyengo ya 2018-19. Ena anachoka pa nthawi ya mliri wa Covid-19, ena anakalamba, koma chifukwa chimene chimatchulidwa kawirikawiri ndi mwano wa makolo ndi ochemerera.

Ngakhale anthu akusowa chotero, wezulo sangoninkha aliyense. Ku Indiana mwini nkhani ndi bungwe la IHSAA, limene linayamba mu 1903. Umalembetsa, umalipira chiphaso, ndipo asanakulole kuyandikira ana a eni ake amayamba afufuza mbiri yako kuti aone ngati unapalamulapo. Kenako pamabwera mabuku. Loyamba ndi la malamulo enieniwo. Lachiwiri ndi la milandu: limafotokoza kuti wosewera wakuti wachita chakuti mpira uli pakuti, n'kupereka chigamulo chake. Lachitatu ndi la kayendedwe ka oyimbira, poima, poyang'ana ndi zizindikiro za manja. Ukawerenga umalemba mayeso, ndipo ukalephera chiphaso palibe. Ukakhoza usati zatha, pakuti chaka ndi chaka pamakhala msonkhano wofotokoza malamulo amene asintha. M'nyengo ya 2023-24, mwachitsanzo, anasintha kawerengedwe ka mafaulo a timu: tsopano amawerengedwa pa kota iliyonse, ndipo akafika asanu wolakwiridwa amaponya kawiri. Wojomba msonkhano wotere amakayimba za chaka chatha pamaso pa ana amene akudziwa za chaka chino.

Mabuku okha sapanga refa. Umalowa kagulu ka oyimbira a m'dera lako, kamene kamakumana madzulo kuonera mafilimu a masewero ndi kutsutsana pa zigamulo. Umayamba ndi ana aang'ono m'maholo opanda anthu, kenako matimu achiwiri a sekondale, ndipo pamapita zaka kuti akukhulupirire ndi timu yoyamba Lachisanu usiku. Akuluakulu amakhala pampando ndi kabuku, masewero akatha n'kukuitanira kuchipinda chosinthira. "Pa mphindi yakuti unaima pati? Unaona chiyani? Unaonadi, kapena unangoganiza?" Funso lomalizali ndi limene amalibwereza koposa. Chimene sunachione ndi maso ako suyimba, ngakhale holo yonse ikuwe.

Chovuta kuzolowera ndi kuleka kutsata mpira. Diso la munthu limakonda mpira, ndipo aliyense m'holomo ali pa mpirawo. Refa amaphunzitsidwa kuyang'ana gawo lake. Mukakhala atatu, mmodzi amaima kuseri kwa mzere wakumapeto, pafupi ndi basiketi. Wina pambali, cha pakati. Wachitatu kumbuyo kwa osewera. Aliyense ali ndi dera lake, ndipo mpira ukasamuka nanunso mumasinthana malo osauzana. Mpira ukakhala m'dera la mnzako, iwe umayang'ana amene alibe mpira, chifukwa zigongono ndi zokokana majezi zimachitikira kumeneko. Chigamulo chimene chimadanitsa anthu kuposa zonse ndi cha awiri ogundana, wina akuthamanga ndi mpira, wina akutchinga. Wolakwa ndani? Ngati wotchingayo ndiye anayamba kufika pamalopo, mapazi onse awiri ali pansi, chifuwa chitaloza mnzakeyo, malowo ndi ake ndipo wolakwa ndi womugunda. Ngati anachedwa n'kudziponya m'njira, wolakwa ndi iyeyo. Zonsezi zimachitika m'kuphethira kwa diso, n'chifukwa chake amatiuza kuti diso likhale pa wotchinga asanagundane.

Manja nawo amalankhula. Chikhatho chotambasula m'mwamba ndiye kuti wosewera waphwanya lamulo la kayendetsedwe ka mpira, monga kuyenda nawo osaunjanjitsa. Chibakera m'mwamba ndiye faulo. Ukatero umapita kutsogolo kwa tebulo la alembi n'kutchula mtundu wa jezi, nambala ndi mlandu wake. Manambala a pa majezi a ana asukulu amalembedwa ndi 0 mpaka 5 basi, kuti refa athe kuwasonyeza ndi zala. Ndolo, mikanda ndi mphete zimavulidwa masewero asanayambe. Amatiphunzitsanso za mwana wogunda mutu: akaoneka wozunguzika, akudzandira kapena akuyankha zosagwirizana, amatuluka pompo, ndipo sabwerera mpaka wachipatala atamuona, ngakhale mphunzitsi wake achonderere bwanji.

Palinso phunziro la pakamwa. Mphunzitsi wa timu akafunsa funso, umamuyankha mwachidule. Akangong'ung'udza, umamva n'kupitirira. Akafika potukwana, umamupatsa faulo ya khalidwe, ndipo ikakhala yachiwiri amatuluka m'holo. Kwa ana a kuno zimenezi n'zosavuta. Koma ine ndinaleredwa kuti wamkulu samuyang'ana m'maso, ndipo ukamalankhula naye umanjuta, manja ali pamodzi. Kuimika bambo wa imvi pamaso pa anthu n'kumuuza kuti akhale pansi, lilime limalemera. Ndimachita chifukwa ana khumi ali m'bwalomo akuyang'ana ngati lamulo limagwiranso akuluakulu.

Malamulo a kuno amasiyana pang'ono ndi amene amatsatidwa ku Malawi, omwe ndi a FIBA, bungwe la dziko lonse limene linakhazikitsidwa ku Geneva mu 1932. Kuno kota ndi mphindi 8, kwa FIBA ndi 10. Kuno timu ili ndi masekondi 10 kuti iwolotse mpira pa mzere wapakati, kwa FIBA ndi 8. Mzere wa mapointi atatu kuno uli pa mamita 6 ndi pang'ono, kwa FIBA pa mamita 6.75. Kwa FIBA timu iyenera kuponya pasanathe masekondi 24, pamene m'sukulu za kuno wotchi yotere, ya masekondi 35, inangololedwa kuyambira 2022-23 m'zigawo zimene zaifuna. Mkombero wokha ndiwo uli pamodzimodzi, mamita 3.05 kuchokera pansi, monga unalili pamene James Naismith anakhomera madengu a mapichesi ku Springfield mu 1891, chaka chomwe Henry Brown ankabzala tiyi ku Mulanje. Anzanga amadabwa akandipeza ndikuwerenga malamulo a FIBA, oti sindiwagwiritsa ntchito. Ndimangoti ndi a kwathu.

Akuluakulu amandiyamikira kuti phokoso silindigwedeza. Mmodzi anandiuza tikuvula nsapato kuti ndili ndi mwayi: sindinaphunzire pa sukulu ina iliyonse ya kuno, ndilibe mwana m'timu iliyonse, palibe mphunzitsi amene ndinasewera naye paubwana, choncho akhoza kunditumiza kulikonse. Anzanga amatchula sukulu zimene sangayimbireko chifukwa cha ubale kapena ntchito. Ine ndilibe yotchula. Iye ankanena moyamika, ndipo sankalakwa, pajatu mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Koma mawuwo anandilasa. Chimene chimandiyenereza ntchitoyi n'chakuti m'holo ya anthu mazanamazana mulibe ndi mmodzi yemwe wodziwa dzina la amayi anga. Akamakuwa amakuwiza malaya a mizeremizere, za munthu wavala malayawo alibe nazo ntchito. Palibe wondiopseza kuti akandinenera kwa amalume. Masewero akatha ndimatulukira khomo lakumbuyo, ndimapala chipale pa galasi la galimoto, n'kuyendetsa pakati pa minda ya chimanga yokololedwa kale, yathyathyathya mpaka polekezera maso, popanda ndi kachulu komwe. Kwathu nthawi imeneyo kumakhala kuli m'bandakucha, pakuti m'miyezi yozizira timasiyana maola 7. Ndikamatsegula chitseko changa, achemwali anga amakhala akukoleza moto.

Nthawi yopuma pakati pa masewero ndiyo imandivuta kwambiri. Ana a bandi amaliza malipenga ndi ng'oma zawo, holo yonse ikununkhira mbuliwuli. Ine ndimakhala pa benchi ndi botolo la madzi, m'makutu mukulira ng'oma zina, za tchopa, zimene zikayamba ngakhale nkhalamba yodandaula msana imadzuka. Ndimamva fungo la masamba a tiyi akufota ukamadutsa pafupi ndi fakitale m'mawa. Ndimalakalaka nandolo wamuwisi, chinangwa chophika ndi peyala lakupsa, ndi kalongonda amene amayi ankamuphika tsiku lathunthu, kutaya madzi kangapo kuti asaledzeretse. Ufa kuno timaupeza, koma zimenezi ayi. Tiyi wa kwathu wambiri amapita kunja kukasakanizidwa ndi wa maiko ena, choncho ndikamwa tiyi kuno sindidziwa ngati muli tsamba limene linadutsa m'manja mwa munthu wa kwathu. Bokosi silinena.

Kwa Mphuka malo osalala ndi osowa. Nyumba pamtunda, munda pamtsetse, madzi kumunsi. Chiperoni chikafika mu Juni ndi Julayi, phiri la Thyolo limabisala, mawawa n'kugwa masiku angapo osakata, utsi wa m'makhitchini ukukwawa pamwamba pa madenga. Ukamachokera ku Limbe, kudutsa Bvumbwe, umaona minda yobiriwira yometedwa bwino ya maesiteti monga Satemwa, imene inayamba mu 1923, ndipo alendo amaimitsa galimoto kuti ajambule. Ife ana a m'mphepete mwa tiyi tinkasewera pa malo otsala. Bwalo lathu linali lopendekeka, moti timu yomenyera kumtunda inkangopirira, kudikira kuti tisinthane mbali. Mpira unali wachikulunga, zigoli za nsungwi, ndipo refa anali mwini mpira.

Basiketibolo kumudzi kunalibe. Anyamata mpira wamiyendo, atsikana ntchemberembaye. Ine ndinakaiona koyamba ku sekondale, pa bwalo la simenti long'aluka, mikombero yopanda ukonde, thabwa lina litadyeka ndi mvula. Woyimbira anali mphunzitsi aliyense amene wapezeka alibe chochita madzulo amenewo. Ena ankabwera ndi malamulo a netibolo, n'kumayimba munthu akangoyandikira mnzake. Ena ndi a mpira wamiyendo, n'kumalekerera ana akugwetsana pa simenti. Sanali anthu oipa. Palibe anawaphunzitsa, ndipo buku la malamulo anali asanalionepo. Sukulu ina ikabwera kudzacheza, mphunzitsi wa eni bwalo ankayimbira chigawo choyamba, wa alendo chachiwiri, ndipo aliyense ankadziwa kuti chachiwiricho n'chobweza ngongole. Masewero ambiri sankafika kumapeto. Ankathera mkangano, alendo n'kukwera lole yawo akutukwana.

Kukayikira wogamula, anthu a ku Thyolo sitinakuyambire pa mpira. Makolo athu ambiri, Alhomwe, anawoloka kuchokera ku Mozambique kuthawa nkhanza za Apwitikizi, n'kudzapeza nthaka ili kale m'manja mwa azungu. Kuti ukhale pamalo unkagwira thangata, ndipo masiku amene wagwira ankalemba ndi mwini malo yemweyo. Mkwiyo umenewu ndi umene unaphulika m'boma lathu mu 1953. Thangata linathetsedwa mu 1962, koma ine ndinakula ndikuona amayi akubwera kotchola, msana utanyowa, akudandaula kuti masamba amene anasenza ndi makilo amene awalembera sizikugwirizana. Kaya sikelo inali yoona kaya yonama, iwo analibe potsimikizira, pakuti woyeza, wolemba ndi wolipira onse anali a mbali imodzi. Mwana wokulira pamenepo amaphunzira msanga kuti wogwira cholembera ali ndi kwawo. Akafika pa bwalo la masewero n'kupeza kuti wogwira wezulo nayenso ali ndi kwawo, phunzirolo limamera mizu. N'chifukwa chake maphunziro a refa sindiwaona ngati nkhani yachibwana. Kwa ana ambiri, refa ndiye wamkulu woyamba amene angawaonetse kuti lamulo likhoza kugwira mwana wa ahedi ndi mwana wa wotchola tiyi mofanana.

Mwana wa achemwali anga, mtsikana amene anatengera msinkhu wa malemu anganga ake, ali ku sekondale tsopano ndipo wayamba basiketibolo. Tsiku lina ndikulankhula ndi amayi ake pa WhatsApp, iye analanda foni.

"Amalume, amayi akuti kumeneko ndinu refa. Zoona?"

"Zoona, iwe. Wamva kuti ndasiya?"

"Ndiye mukabwera mudzatiyimbire. Atibera kokwana. Sabata yatha andikankha mpaka kunyuka bondo, asala n'kumangoyang'ana kumbali."

Amayi ake anali chapafupi, ndinawamva akuseka. "Achimwene, mudzabwere naye wezuloyo, mwanayu awineko ndi kamodzi komwe."

Ndinaseka nawo, koma foni itadulidwa nkhaniyo inandikhala pamtima. Kwathu ine ndine mwinimbumba. Mwana ameneyu akadwala amaimbira ine, fizi imachokera kwa ine, ndipo tsiku limene mwamuna adzamufune adzafunsira kwa ine. Tsono ndiime pakati pa bwalo, agundane ndi mwana wa eni ake, ndikweze chibakera n'kuloza iyeyo, faulo yachisanu, atuluke akulira, amayi ake ali pomwepo? Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Yankho la kuno ndi lachidule: usayimbire pamene pali wako. Ku South Bend n'zotheka. Kwa Mphuka aliyense ndi wako. Ngati si wa mbumba ndi wa kuchikamwini, ngati si wa kutchalitchi ndi amene munavinidwa limodzi. Ukati usake refa wopanda ubale ukamupeza ku Blantyre, ndipo ndalama ya minibasi ndi kabaza yomubweretsera sukulu zathu zilibe.

Komabe kwathu milandu imaweruzidwa, ndipo oweruza amakhala abale a okanganawo. Ndili mwana ndinkakonda kukhala kumbuyo pa bwalo la amfumu kumvera. Mfumu siweruza yokha. Imakhala ndi nduna zake. Mlandu sauzengera m'nyumba. Amauzengera poyera, pansi pa mtengo, aliyense akumva. Wodandaula amalankhula mpaka kumaliza, woyankha chimodzimodzi, ndipo mboni imafunsidwa ngati inaona kapena inangomva. Nkhani ikakhudza wa m'nyumba mwa mfumu, amaitana mfumu yoyandikana nayo kapena kuitumiza kwa agulupu. Chigamulo chikaperekedwa amafotokoza chifukwa chake, ndipo wolipitsidwa nkhuku lero, mawa amakakumba manda limodzi ndi womulipitsa. Sindikunena kuti mabwalo onse ndi oyera. Aliko amene chigamulo chimagulidwa usiku. Koma pamene mwambo ukutsatidwa, nzeru yake ndi yomwe ndikuiphunzira m'mabuku atatu aja: usagamule wekha, usagamule mobisa, usagamule chimene sunaone, ndipo pamene pali wako, patuka. Kusiyana kwake n'kwakuti kuno amandiphunzitsa kugamula n'kuzimiririka, pomwe kwathu wogamula amatsala pomwepo, kutunga pa mjigo umodzi ndi amene wawagamula. Yachiwiriyi ndiyo yovuta, ndipo ndi imene refa wa ku Thyolo ayenera kuidziwa.

Basiketibolo ku Malawi ikukula. Bungwe la BASMAL lili ndi maligi m'zigawo, ndipo matimu a kummwera amakumana kawirikawiri pa Blantyre Youth Centre. Timu ya Bravehearts ya ku Lilongwe yakhala ikuimira dziko m'mipikisano yosankha matimu a Basketball Africa League, ligi imene inayamba mu 2021 ku Kigali. Ku Lilongwe kunamangidwa holo ya Griffin Saenda pokonzekera masewero a achinyamata a Region 5 a mu Disembala 2022. Kwa refa wofuna kukwera mpaka pa FIBA njira ilipo: amasankhidwa ndi bungwe la dziko lake, amalemba mayeso a malamulo, amayesedwa mphamvu pothamanga uku ndi uku pa mtunda wa mamita 20 motsata kulira kwa kachipangizo, ndipo chiphaso chake chimaunikidwanso pakapita zaka ziwiri. Zonsezi n'zabwino, koma zili m'tauni ndiponso kumwamba. Mwana wa achemwali anga sadzakumana ndi refa wa FIBA. Adzakumana ndi mphunzitsi wa Jogalafe atanyamula wezulo wobwereka.

Ife a kunja tikamakamba zothandiza kumudzi timathamangira zooneka: majezi, mipira, nsapato, matumba a simenti. Zimenezi zimajambulika bwino pa Facebook. Koma mpira umaphulika, jezi imasuluka, pamene mphunzitsi wophunzitsidwa bwino amayimbira mpaka kupuma ntchito. Tulo tikandithawa ndimawerengera zimene zingafunike, ndipo si zambiri. Aphunzitsi awiri pa sukulu iliyonse ya m'dera, wamwamuna ndi wamkazi, asonkhane pa tchuthi kwa masiku ochepa, mlangizi achokere ku BASMAL mogwirizana ndi bungwe la masewero a m'sukulu la MASSA. Malamulo ofunikira alembedwe m'Chichewa pa masamba ochepa n'kukhomedwa pasukulu, kuti ana ndi makolo omwe awerenge, pakuti khamu lodziwa malamulo silifulumira kutola miyala. Mayeso alembedwe, ndipo wolephera abwereze. Aphunzire kuthandiza wovulala, chifukwa simenti siseka ndi mutu wa mwana ndipo chipatala chili kutali. Ahedi ndi komiti ya makolo atsimikize khalidwe la munthuyo asanamupatse atsikana kuti ayende nawo. Pa masewero aliwonse oyimbira akhale awiri nthawi imodzi, ndipo ngati n'kotheka achokere ku sukulu yachitatu. Amfumu kapena nduna yawo akhale pambali pa bwalo, alengeze masewero asanayambe kuti wokhudza refa wapalamula mlandu wa mudzi. Ana a Fomu 3 ndi Fomu 4 ayambe ndi kulemba zigoli ndi kugwira wotchi. Oyimbira a mawa adzachokera pa tebulo pomwepo.

Ndikudziwa kuti wokhala kutali mapulani samuvuta. Anthu a kwathu ali ndi zowawa zoposa faulo. Matenda a chisaka anatha nthochi zimene zinkatilipirira fizi. Namondwe Freddy mu Malichi 2023 anakokolola minda ndi nyumba m'maboma a kummwera, Thyolo ali momwemo. Nthaka ikucheperachepera pomwe ana akuchuluka. Wina akhoza kufunsa kuti wezulo adya ndani. Koma ana sadikira kuti mavuto athe kuti asewere. Akusewera lero lomwe, ndipo pa bwalopo akuphunzira chimodzi mwa ziwiri: kuti ukachita bwino umapindula, kapena kuti zonse zimatengera amene ukumudziwa. Chimene aphunzirepo adzapita nacho ku ofesi, ku chipatala, pa sikelo ndi pa bokosi la mavoti.

Pempho la mwana wa achemwali anga uja ndinaliyankha pambuyo pake. Ndinamuuza kuti ndikadzabwera ndidzanyamula mawezulo ndi mabuku, ndidzakhala pansi ndi aphunzitsi ake ngati angafune, koma masewero ake sindidzayimbira.

"Ndiye phindu lanu n'chiyani, amalume?"

"Udzaliona ukadzamwetsa basiketi," ndinatero.

Kusakondera ndakuchita kokwana kuno, ndipo kwandisiya ndekhandekha. Kwathu ndikufuna ndikakhale pa udzu pakati pa achemwali anga ndi alamu anga, nzimbe ili m'manja, ndikakuwe dzina la mwanayo mpaka mawu kusasa, ndikakwiye akamuyimbira faulo, ndikatsutse poyera ngati malume wina aliyense. Kuti ndikatero mtima uli m'malo, pakati pa bwalo payenera kukaima munthu wina amene anaiphunzira ntchito yake, amene sadzandimvera ngakhale ndikuwe bwanji, ngakhale madzulo ake tidzadyera m'mbale imodzi. Munthu ameneyo aliko kale kwa Mphuka. Pano akuphunzitsa masamu, kapena akuyeza ana kusikelo ya pamwezi. Changotsala n'kumuphunzitsa.